Hans wa ku Norway ali pawindo panga

Lachinayi, kuno ku Erdington. Tsiku londinyansa.

Agogo Hansen, amene ndinkawasamala ku care home, nyumba yosamalirako okalamba, anamwalira Lolemba. Ankakonda kundiuza kuti kwawo ku Norway dzinali limatanthauza mwana wa Hans, ndipo Hansyo anali agogo awo, msodzi. Ankanditchulira a Hansen otchuka, oimba ndi osewera mpira, ngati abale awo enieni.

Lero mwana wawo wabwera kudzatenga katundu. Wanyamula wotchi ndi TV basi. Chithunzi cha Hans, mwini dzina, wandipatsa ine kuti ndikachitaye: "Just bin it, love." Kenako wasaina fomu, Hansen, zilembo zikuluzikulu, manyazi alibe.

Ine Nabanda ndakwera naye basi Hansyo. Ali pawindo pano, akundiyang'ana, ndipo sindikudziwa kuti ndimuuze chiyani...