Kamtima Kofiira pa Mawu a Atate

Chimwemwe, Kitwe
9 Ogasiti 2005

Wokondedwa mlongo wanga Reginald,

Ndiyambe ndi moni, monga anatilerera. Uli bwanji ku Solwezi? Fumbi la kumgodi watsopanowo silinayambe kukutsokomoletsa? Nanga mlamu wanga Susan, mimba ija ikumulola kudya tsopano? Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma kutchalitchi sajomba. Ine m'thupi muli bwino. Mtima ndiwo ayi, ndipo chifukwa chake uchimva m'kalata muno, ngati sukuchidziwa kale.

Laputopu yatsopano unandibweretsera ija ikugwira ntchito, ndisaname. Vidiyo ya ukwati yomwe yakale ija inkalimbana nayo tsiku lathunthu, iyi ikumaliza tiyi asanazizire. Siima, sitentha, sindiikhazikanso panjerwa kuti ipitidwe mphepo. Tsiku unabwera nayo ndinavina pakhonde aneba n'kumandiseka. Ndinaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Unandiuza kuti mwini shopu wa m'tauni atenga yakaleyo m'malo mwake, ndipo zonse zinali m'menemo wazisamutsa wekha. Ndinakufunsa kawiri za vidiyo ya atate. Unati asisi musadandaule, ilimo, si ilo dzina lake. Dzinalo ndinaliona, koma sindinaitsegule. Inali itangotha miyezi inayi chiwaikireni m'manda, mawu awo ndinali ndisanalimbe mtima kuwamva.

Ndikukumbutse, poti mutu wako wayamba kudumpha zina. Migodi itagulitsidwa, atate anawachotsa ntchito atakumba pansi zaka 27, ndipo zomwe anatuluka nazo ndi chifuwa ndi nyumba ino basi. Chifuwa chitakula tinawapempha kuti alembe wilo. Anakana kwamtuwagalu, ati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Koma kamera yanga sankaiopa. Ankati ichi n'chamaukwati, sichingaphe munthu. Ndiye Lamlungu lija tinawakhazika pansi pa mtengo wa mapeyala, ine kumbuyo kwa kamera, iwe utagwada pambali pawo ndi maiki, chifukwa mawu anali atayamba kutha.

Anakamba za kwawo ku Katete, anatchula maina a makolo. Kenaka anayang'ana mu kamera n'kunena kuti nyumba ino ndi ya Philomena mkazi wawo mpaka tsiku Mulungu adzamuitane, ndipo wachibale wofuna kumutulutsa ayambe wapita kumanda kukawafunsa. Atatero anaimba nyimbo yawo ya kukwaya. Iwe unalira mpaka kulira kwako kulowa mu maiki, ndipo phokoso lakelo ndinavutika nalo polichotsa.

Loweruka lapitali abale a atate anabwera kudzagawa katundu, monga mwa mwambo. Iwe unatumiza uthenga kuti kuntchito sanakulole. A Masauso, ang'ono awo a atate, anatsika galimoto yawo yoyera, kuchokera ku Nkana West kokhala anthu a ndalama, atavala suti ngati akukatsegulira mlatho. Anati nyumba ndi ya mtundu wawo, amayi akapumule kumudzi. Kumudzi kwake kuti? Amayi anachoka ku Katete ali mtsikana, ndipo onse owadziwa anagona kalekale.

Akuluakulu anati ngati malemu anasiya mawu tiwamve, mawu a womwalira sitiwalumpha. Ine wopusane ndinanyamuka monyadira, n'kulumikiza laputopu ku TV.

Atate anaoneka, azimayi n'kuyamba kusisima. Anatchula makolo onse bwinobwino. Anayang'ana mu kamera, nati, "Tsono nyumba ino..." Pomwepo kamtima kofiira kanatulukira pakati pa nkhope yawo, n'kuzungulira, n'kukula, ndipo katachoka atate anali akuimba.

Reginald, kudula vidiyo ndinakuphunzitsa ndine. Ndakukalipira kangati chifukwa cha kamtima kameneko? Ndinkakuuza kuti n'ka maukwati okha, pamaliro sitikaika, pa ubatizo sitikaika, iwe osamva. Ukangofuna kubisa pomwe wadula, kamtima. Mu Kitwe monse muno mulibenso wina angaike kamtima pankhope ya munthu wodwala. Ukanangolemba dzina lako pa TV-po zikanakhala chimodzimodzi.

A Masauso anaseka pang'ono, n'kutembenukira kwa ine, amvekere, "Mwaona ba Febby, ba tata banu benze kufuna chabe kuimba." Akuluakulu anandiyang'ana ngati ndine ndimafuna kuwanamiza. Manyazi ndinachita, koma si manyaziwo anandipweteka. Chinandipweteka n'choti m'nyumba monsemo ndine ndekha ndinadziwa dzanja lomwe lachita zimenezi.

Lolemba ndinakwera minibasi kupita kushopu kuja. Mwini wake anandiuza kuti yakale ija anaifafaniza zonse tsiku lomwelo, chifukwa iwe unaumirira, ndipo unaima pomwepo mpaka atamaliza. Anawonjezanso, osadziwa kuti akuulula, kuti yatsopanoyi anagula ndi bwana wina wa galimoto yoyera amene unabwera naye. Pobwerera m'minibasi ndinakumbukira kuti ntchito yako kwa kontilakitala wa kumgodi ku Solwezi anakupezera ndi a Masauso omwewo, sabata yomweyo. Ndinapitirira siteji yathu osazindikira.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga, ndipo sindiubisa. Ukudziwa momwe timachitira tonse ojambula, tepi ndi yodula, timajambula pamwamba pa zakale. Mwezi wa Meyi ndinaitanidwa kuphwando la mkwatibwi ku Mushili ndilibe tepi yatsopano. Ndinatenga ya atate, ndikudziuza kuti zonse zili kale mu laputopu. Pomwe panali mawu awo pano pali azimayi akuvina ndi mapoto pamutu. Ndaibweza kumbuyo kakhumi kufuna kumva ngakhale liwu limodzi, kulibe. Munthu mmodzi yekha ndinamuuza za tepi imeneyo, ndipo ndi iweyo.

Sindikunena kuti sindikudziwa chinakukankha. Zaka zinayi unakhala pakhomo pano ndi satifiketi m'thumba, kuthera nsapato m'maofesi a makampani omwe anali kutsekedwa. Kenaka Susan n'kuima. Njala ndimaidziwa, sinayambe yalambalala nyumba ino. Koma ukanabwera kudzandiuza kuti asisi zandivuta, a Masauso akundipempha zakutizakuti, tikanalira limodzi n'kuona chochita. Iwe unasankha kundipatsa mphatso n'kumandionerera ndikuvina. Ndakwiya, Reginald. Sindinakwiyirepo munthu chonchi chibadwire.

Za khoti ndawauza amayi, poti lamulo limateteza amasiye. Akana. Ati sangakaime pamaso pa woweruza kutsutsana ndi abale a mwamuna wawo, kuli bwino akagone pamsika. Umawadziwa iwe, akakana akana. Chomwe angamvere ndi bwalo la banja lokha.

Akuluakulu atipatsa mpaka Loweruka la pa 27. Ati mawu anga okha sakwanira, poti ndine ndinabwera ndi vidiyo yoduka, koma mwana wina amene analipo tsikulo akadzanena ndi pakamwa pake, adzamva. Tepi kulibe, laputopu yakale kulibe. Mawu a atate atsala malo amodzi, m'makutu mwa amene anagwira maiki.

Choncho ndikukupempha, bwera. Ndikudziwa chomwe ndikupempha, a Masauso akakwiya ntchito ikhoza kutha. Ikatha, chipinda chako chilipo, Susan adzachirira pano, ndipo kamera imafuna anthu awiri. Maukwati sanathe pa Copperbelt, ngakhale migodi anagulitsa. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo n'chifukwa chake ndikulembera iwe m'malo mokuneneza kwa akuluakulu.

Amayi sindinawauze. Akuganiza kuti makina atsopanowa ndiwo anameza mawu aja. Dzulo ndinawapeza akukulunga mbale m'manyuzipepala, chipewa cha atate cha kumgodi atachiika kale m'katoni. Atamva kuti ndikulemba kalata, anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndisakuuze zomwe zinachitika Loweruka. Ati mwana anagula makinawo ndi mtima wabwino, akamva adzadziimba mlandu, asiya kudya. Akutumizira mtedza wokazinga m'kathumba kamene kabwere ndi kalatayi, ndipo ati uzivala juzi polowa ntchito m'mawa.

Pa 27 ndidzaonetsanso vidiyo ija. Atate akadzati "Tsono nyumba ino," kamtima kakadzayamba kuzungulira, ndidzaimitsa pomwepo n'kuyang'ana pakhomo. Ukadzakhalapo, udzamalizitse mawu a atate ako. Ukapanda kubwera, ndidzatembenukira kwa amayi n'kuwauza mwini wake wa kamtimako.

Undiperekere moni kwa Susan, umuuze kuti tikumupempherera. Mulungu akuteteze kuntchito, akusunge panjira, ndipo akukumbutse pomwe unagwada Lamlungu lija. Mtedzawo udye, akazinga okha ataima ndi miyendo yotupayo.

Ndine mlongo wako amene anakuphunzitsa kudula,
Febby