Batani la Pakhosi

Ku Boma, Lundazi
Ogasiti 1984

Okondedwa mlamu wanga, amake Olipa,

Landirani moni wochokera kuno ku Lundazi. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko ku Nkhamenya, inu pamodzi ndi abambo akunyumba ndi ana? Ife kuno tilipo, kungoti msana ndi maso zayamba kundikana. Masiku ano singano ndimachita kuinyengerera kuti ilandire ulusi.

Kalatayi ndapatsira a Binwell, amalonda aja amatibweretsera sopo ndi shuga panjinga, chifukwa ya kupositi ikhoza kukupezani ukwati utatha. Ndi omwewo anandifikitsira yankho lanu mwezi wathawu, lakuti ku ukwati wa Olipa simubwera popeza miyendo ikuwawa. Chitenje munatumiza chija tinalandira, zikomo. Koma a Binwell pakamwa pawo sipagona nkhani. Akuti anakupezani mukuchokera kudimba mutasenza mtolo wa nzimbe woti mwamuna angaulephere. Miyendo yodwala chotero ine ndikuisirira, mlamu.

Sindikulemba kuti tikangane, mphamvu zake ndilibe. Ndikungofuna mumve za diresi la mwana wanu, limene landikalambitsa mwezi uno.

Nsalu anaipeza ndi mkwati mwini, Philemon, ku Chipata, atazungulira masitolo odzaza mashelefu okhaokha. Ndi yoyera, yoterera, ndipo inali yongokwanira, yosalola telala kulakwitsa. Za kutsogolo sitinavutane. Olipa anasankha manja aatali ndi khosi lozungulira, ine ndinadula, nkhani n'kutha. Nkhondo inayamba titafika kumsana.

Paja pa ukwati nkhope ya mkwatibwi amaiona ndi abusa okha. Mpingo wonse umakhala ukuyang'ana msana, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka Amen. Telala ukalakwitsa kumbuyo, walakwitsa pamaso pa anthu onse, ndipo dzina lako amadyera nalo mpunga.

Mwana wanu simunamuone chikulireni, ndiye ndikuuzeni. Ndi wamtali, mapewa otambalala ngati a malemu bambo ake, mchimwene wanga Danwell. Khosi ndi lanu, lalitali lija. Munthu wotere ukamutseka mpaka m'mwamba ndi nsalu yokhayokha amaoneka ngati chitseko. Ine ndinati tidule kumbuyo motsetsereka pang'ono, mosongoka pakati, kuti mapewa achepe ndipo khosi lioneke.

Apongozi ake, amake Philemon, atamva, anakwera lole kuchokera ku Magodi. Iwo ndi mkulu wa amayi a Umanyano kutchalitchi kwawo, ndipo amayankhula ngati akuwerenga zolengeza. Anati yayi, msana wa mkwatibwi si msewu woti aliyense aziyendamo ndi maso, utsekedwe mpaka pakhosi. Atangochoka, anzake a Olipa ogwira nawo ntchito yotayipa anabwera ndi chithunzi chodula m'magazini ya ku Lusaka. Mkazi wake msana wonse pamtunda mpaka m'chiuno, tizingwe tokha titapingasa. Anati iyi ndiye sitayilo, anti, zinazo ni za kumunzi. Ndinawafunsa ngati akufuna kuti abusa atibweze pakhomo.

Mwini diresi anangokhala pampando, ngati tikukambirana za mwana wa eni. Ndikamufunsa ankangoti chilichonse, ankhazi. Amanditchula choncho, mwa Chitumbuka cha kwa bambo ake.

Ndinaganiza zokondweretsa onse. Ndinatseka mpaka pakhosi monga anafunira apongozi, koma pamapewa ndinaika lesi kuti pasaoneke pouma, pakati n'kusiya malo a zipi yaitali. Zipi yaitali yoyera kuno simungaipeze ngakhale mutalira. Anachita kundibweretsera a Binwell kuchokera ku Kasungu, ataipinda m'thumba la shuga. Ndinaisoka ndi manja, pang'onopang'ono, kuopa kuti makina angatafune nsalu.

Tsiku loyeza, diresi linamukhala Olipa ngati anabadwa nalo. Anapinda mkono kumbuyo, n'kukoka zipi yekha mpaka m'mwamba. Anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Ine ndinkadikira zikomo. M'malo mwake anati zipi ichoke. Ndinafunsa chalakwika n'chiyani, iye n'kuti palibe, kungoti watseka yekha.

Mlamu, ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti anthu amagulira zipi chimenecho, kuti munthu azitseka yekha. Ndinamuuzanso kuti nsalu yotere ukamasula msoko imatsala ndi timabowo, ndiponso kuti ine si makina a boma osatopa. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma. Kenako anati akufuna timabatani tating'ono, tokutidwa ndi nsalu yomweyo, totsatizana kuchokera m'chiuno mpaka pakhosi, tokolowekera m'tizingwe. Ndinati mabatani otero mkwatibwi sangamange yekha ngakhale atakhala ndi manja a nyani. Anati n'chifukwa chake akuwafuna.

Ndinamasula zipi ija ndikung'ung'udza. Ndinatolera tizidutswa tonse tinatsala podula, n'kuyamba kukuta mabatani limodzilimodzi, zala zikuboola. Makasitomala a mayunifolomu ankabwerera pakhonde. Nditamaliza, ndivomere, kumbuyo kunakongola kuposa poyamba. Mzere wa mabataniwo umatsika pakati pa msana n'kuugawa, mapewa aja osaonekanso kukula. Apongozi ake atabwera kudzaona anangoti yewo, ndipo kwa iwo amenewo ndi mawu ambiri.

Lamulungu lapitali titachoka kutchalitchi ndinati tiyeze komaliza. Olipa anavala. Nditatambasula manja kuti ndimange batani loyamba, anasuntha. Ndinayesa ndamubaya ndi phini, ndinayandikiranso, anasunthanso. Anati ankhazi musakhumudwe, mabatani awa adzamanga ndi amama.

Sindinama, zinandiwawa. Mwana ndamulera ine kuyambira ali sitandade thuu, ndamuchapira, ndamugonera kuchipatala, lero akuthawa manja anga. Ndinakhala pansi. Iye anagwada pafupi, diresi lili yasa kumbuyo, n'kundiuza zimene sanandiuzepo zaka zonsezi.

Za masiku amenewo ine ndimangodziwa zomva, paja ndinali ku Kitwe. Ndimadziwa kuti Danwell atamwalira, akuluakulu a kumudzi kwathu ku Kapichila anati mulowe m'nyumba ya mkulu wake, a Ezron, inu munakana. Anakuuzani kuti njira ya kwanu ili apo, koma mwana atsala chifukwa ng'ombe zinaperekedwa. Zimenezo ndimazidziwa. Za m'mawa wa tsiku munachoka sindinkazidziwa.

Olipa akuti munamusambitsa, n'kumuveka yunifolomu ya kusukulu, ija ya mabatani kumbuyo. Akuti munayambira pansi kumanga. Mutafika pa batani la pakhosi, a Ezron anaitana panja. Munamusisita paphewa n'kuti thamanga ungachedwe, ili ndidzamanga ukabwera. Anapita kusukulu kolala ili pendapenda. Aphunzitsi atafuna kumumanga anakana, anati amama anena kuti amanga okha. Pobwera masana anapeza m'nyumba mulibe munthu, mphasa yanu kulibe.

Pamenepo m'pamene maso anga anatseguka. Madiresi onse ndamusokera mwana uyu, sanalolepo lomanga kumbuyo. Nthawi zonse ankati mabatani akhale kutsogolo, kapena zipi ya m'mbali. Ine ndinkangoti ndi matama a atsikana a masiku ano.

Ndinamukumbutsa kuti amama akowo ayankha kale kuti sabwera, nanga titani? Anati ndiye adzalowa m'tchalitchi msana uli pamtunda, apongozi adzaone bwino. Mwina mukuseka, koma ine sindinaseke. Mwana uyu ndi wouma mutu, ndipo kumene anatengera mukukudziwa. Adzachitadi, pamaso pa abusa, pamaso pa a ku Magodi onse, ndipo banja lake lidzayamba ndi manyazi amene Philemon sanawalakwire.

Asanavule anatenga sizasi yanga, nandipempha ndimugwirire kolala. Ndisanazindikire chimene akuchita, anali atapotoloza dzanja n'kudula batani la pakhosi. Analiika pa makina, nati ili mutumize ku Nkhamenya, mukawauze kuti ndabwerako kusukulu.

Ndiye mlamu, ndi ili ndalikulunga m'kapepala pakona ya kalatayi. Musaligwetse potsegula.

Ndikudziwa kuti munalumbira kuti simudzapondanso pa Kapichila. Sindikukupemphani kuti muphwanye lumbiro lanu. Mwana adzavalira m'nyumba mwanga kuno ku Boma, tchalitchi chili pompano, madyerero ali pabwalo la sukulu. Fumbi la ku Kapichila silidzakukhudzani.

A Ezron adzakhalapo, pamenepo sindikunamizani, ndiwo akuimira bambo. Koma si a Ezron aja munawasiya. Anakalamba, amayenda ndi ndodo, mawu aja ankagwedeza mudzi anatha. Nditawauza kuti ndikukulemberani, anangofunsa ngati bulangete lanu ndikulisunga bwino. Kupepesa sadziwa, ndipo sindikulonjezani kuti adzaphunzira pofika tsikulo. Mukhoza kudzakhala mbali yanu osawapatsa ndi moni womwe, ine ndidzakhala pakati.

Bulangete ndikunenalo ndi lija akuchimuna amapereka pothokoza msana umene unabereka mkwatibwi. A ku Magodi anabwera nalo n'kufuna kundifunditsa ine. Ndinawauza kuti ine ndinalera, koma msana ndi wa wina, ndipo mwini wake ali moyo. Lili pamwamba pa kabati m'pepala lake, likungodya malo.

Mwina mukuopa kuti mwana adzakufunsani chifukwa chimene munamusiyira. Inenso ndinamufunsa ngati ali ndi mawu oti akulankhuleni. Anati alibe mlandu ndi inu, anakula, akudziwa mmene zinthu zinalili. Akungofuna mudzaime kumbuyo kwake. Simudzayang'anana n'komwe ngati simukufuna, paja womanga mabatani amaona msana wokha.

Ukwati ndi Loweruka lomaliza la Seputembala. A Binwell avomera kudzakutengani panjinga podzera njira yawo ya kumadambo, imene ilibe mafunso ambiri. Khadi lanu la chipani musaliiwale, kuopa anyamata a kwanuko angakubwezeni musanafike n'kumalire komwe. Kuno mukafika ndinu mlendo wanga, za makadi a kuno ndidzayankha ine. Za chovala musadandaule, chitenje munatumiza chija sindinachidule, ndikusokerani inu bulauzi mukangonditumizira muyeso.

Ine ndatopa, mlamu. Ndatopa ndi diresi ili, ndatopa kuyankha m'malo mwanu, ndatopa kukhala mayi wobwereka. Ndimamukonda mwana uyu ngati wanga, ndipo chifukwa cha chimenecho ndikudziwa pamene manja anga salowa. Nsalu inatha yonse, ngakhale kachidutswa kokuta batani lina kulibe. La mtundu wina sindiikapo, lingaoneke ngati dzino lagolide.

Mukatsimikiza zosabwera, musavutike kupeka matenda ena kapena kutumiza nkhuku. Mungobweza batanilo ndi a Binwell, ine ndidzaona pomuyambira mwana. Koma mukabwera, libwere m'manja mwanu. Singano idzakhala ili ndi ulusi kale, ndidzalisokera pakhosi iye ataimirira, kenako ndidzatuluka n'kutseka chitseko.

Mundiperekere moni kwa abambo akunyumba, ndipo muwapemphe m'dzina langa kuti akuloleni ulendowu. Moni kwa ana onse, awuzeni kuti ali ndi mkulu wawo kuno amene amafunsa maina awo. Mulungu akusungeni, akulimbitseni miyendo, ndi mtima womwe.

Olipa sanapereke moni. Akuti adzapereka yekha mukamaliza kumanga.

Ndine mlamu wanu,
Yunike NyaZimba