Amuna Anga Akulumikiza Mfuti Kuseri kwa Nyumba

Aphungu,

Ndakhala sabata yathunthu ndikuyamba kalata ino n'kuing'amba, chifukwa nkhani yake ndi yoti munthu atha kumangidwa nayo. Koma ndasowa wina womuuza. Mayina amene ndalemba muno si enieni, ndipo langa musalilembe lonse.

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Nangongwe kuno ku Kafue. Amuna anga, a Ambrose, anagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa fakitale ina ngati fitala, wokonza makina. Makina akaima ankaitanidwa ndi iwo, ngakhale ali pa tchuthi. Chaka chatha, boma litayamba kugulitsa makampani, anali m'gulu loyamba kulandira makalata owachotsa ntchito. Kuyambira pamenepo banja ndikulidyetsa ndine, ndi salaula, zovala zovalidwapo kale zija, amene ndimagulitsa pamsika.

Munthu uja anasintha. Sanayambe mowa, sanandimenyepo, ayi. Ankangodzuka, kusamba, kuvala ovolosi yawo yabuluu ngati akupita kuntchito, n'kukhala pampando pakhomo mpaka dzuwa kulowa. Ndikawapatsa chakudya ankati, "Patsani ana, ine sindinagwire ntchito."

Mu Julayi kunabwera mnzawo wakale, ba Shadreck, amene ankayendetsa lole ku fakitale komweko ndipo tsopano amayenda maulendo a kumalire. Anabwera ndi thumba la feteleza lomanga kukamwa ndi waya. M'katimo munali zitsulo zopaka girizi, zokulunga m'nsanza. Ndinawamva akunena kuti, "Mudala, iyi ni mfuti yonse, ifuna chabe manja monga yanu. Mukaimanga tiyenda kumadambo. Nyama ya mtchire ku Lusaka siigona pamsika."

Aphungu, ndiulule tchimo langa: ndinakondwa. Mfutiyo sindinaikonde, koma ndinakondwa kuona amuna anga akudzukanso m'mamawa ali ndi chochita. Anasesa kashedi ka kuseri, anamangirira vayisi yopanira zitsulo pathebulo, anatulutsa matupa awo amene anali atayamba dzimbiri. Ndinawamva akuimba mluzu koyamba chichotsedwere ntchito. Anayambanso kudya. Ndinadziuza kuti chinthucho sichidzatheka, angoseweretsa manja mpaka ntchito itapezeka.

Koma chinatheka, kapena ndinene kuti chinaoneka ngati chatheka. Zitsulo zina sizinkalowana, ankati zinachokera ku mfuti zosiyana, ndiye ankalimbana nazo masiku ambiri. Kawiri anapita kukaiyesa kutchire ndi ba Shadreck, ndipo kawiri konse anabwerako atakwinya nkhope, akuti ikukana kulira.

Loweruka lapitali, dzuwa lili paliwombo, ndinali m'nyumba kusita malaya a pamsika. Ndinamva kuphulika kumene sindinakumvepo chibadwire. Nditathamangira kuseri ndinapeza amuna anga ataima chilili, chala chachikulu chikuchucha magazi, akuyang'ana mfuti ili pathebulo. Akuti anali ataiika pansi kuti atenge sipanala, ndiye inalira yokha popanda woikhudza. Chipolopolo chinaboola lata la shedi, n'kudutsa mpanda wa udzu, n'kukaboola dramu la madzi la aneba athu, ba Dainess. Iwowo anali atawerama pa dramu lomwelo akutunga madzi, khanda la miyezi isanu lili kumsana.

Anthu atatuluka m'nyumba zawo, amuna anga anati laphulika ndi tayala. Ena anakhulupirira. Koma pambuyo pake ba Dainess anandiitanira kumpanda n'kundionetsa bowo, madzi onse atathera pansi. Anati, "Amake Doreen, ine ninakulira mu kampu ya asilikali, kulira kwa mfuti nikudziwa. Sinizakamba kuli munthu, chifukwa ndimwe munanigwira dzanja pamene ninali kubala uyu mwana. Koma chinthu icho chichoke. Chikalira futi, niyenda neka ku polisi."

Ndinawagwadira amuna anga kuti achichotse chinthucho. Anandiyankha kuti, "Amake Doreen, ndi kachitsulo kamodzi kokha kakuvuta, ndakaona. Ine ndakonza makina aakulu kuposa nyumba ino, ndilephere kamfuti? Mukufuna ndibwerere pampando paja?" Ponena mawu omalizawo misozi inalengeza m'maso mwawo. Khutu lawo lamanzere likungolira mpaka lero, chala chatupa, koma kuchipatala akukana poopa mafunso. Atandipeza ndikulemba kalatayi sanakalipe. Anangoti ndifunseko ngati alipo wowerenga nyuzipepala yanu amene ali ndi buku la mfuti zotere.

Ndichite chiyani, Aphungu? Ndikaitaye mumtsinje iwo atachokapo? Ndikanene kupolisi, ndimangitse bambo wa ana anga? Kapena ndiwasiye akonze kachitsuloko, mwina ikakhala bwino sidzaliranso yokha? Ana anga amasewera pafupi ndi shediyo.

M.K., Kafue

Mayi M.K.,

Mwachita bwino kulemba, ndipo musadzitche wochimwa chifukwa munakondwa pomva mluzu wa amuna anu. Mkazi aliyense amene waonapo mwamuna wake akufota pampando akanakondwa. Makalata a mabanja ochotsedwa ntchito akundifika ambiri masiku ano, ndipo ochuluka amanena za mowa ndi nkhonya. Anuwo sanatero. Ndi munthu wabwino amene wagwira chinthu choipa.

Pa nkhani ya bukuyo ndiyankha mosazungulira: ayi. Sindikufunsirani kwa owerenga, ndipo wina akanditumizira sindisindikiza. Bambowo muwauze kuti ndanena ndine, vuto si kachitsulo kamodzi. Makina a kufakitale ankabwera ndi mapulani ake, atayesedwa kale ndi amene anawapanga, ndipo akalakwika ankangoima. Ichi ndi chophatikiza cha zidutswa zimene palibe akudziwa kumene zachokera, ngakhale zimene zinachita m'manja mwa eni ake oyamba. Chikalakwika chimapha munthu. Luso lawo sindikulikayikira. Koma ngakhale atachikonza n'kumalira bwinobwino, chidzakhalabe mfuti yopanda layisensi, yopita kukapha nyama zotetezedwa. Imeneyo ndi milandu iwiri, yonse ya ndende, ndipo kumadamboko kuli oyang'anira nyama amene nawonso amayenda ndi mfuti. Tsiku limenelo ba Shadreck adzakhala ali pa ulendo wa kumalire.

Lero lomwe shediyo itsekedwe ndi loko, kiyi ikhale ndi inu, ana asayandikireko. Inuyo musaikhudze, musainyamule, musayese kuchotsamo kanthu. Chinthu choti chinalira chili pathebulo chitha kulira chili m'thumba pamutu panu. N'chifukwa chake za kumtsinjezo ndakana. Komanso mtsinje wa Kafue uli ndi asodzi, ukonde udzaivuula n'kugwera m'manja ena. Ndipo amuna anu akadzazindikira kuti munawabera, adzaleka kukumverani, pamene mnzawo uja atha kubwera ndi thumba lina.

Nkhondoyi musaimenye nokha, komanso musayambire kupolisi mwamseri. Pezani munthu mmodzi amene bambowo amamupatsa ulemu, kaya ndi nkhoswe yanu, kaya mtsogoleri wa mpingo wanu. Ine ndikadasankha kapitawo wawo wakale wa kufakitale ngati akadali m'tauni momwemo, chifukwa mmisiri amamva msanga akauzidwa ndi mmisiri mnzake kuti ntchito iyi njosayenera kuimaliza. Akhale nawo pansi sabata ino. Kenaka onanani ndi wodziwa malamulo. Funsani kumpingo, nthawi zambiri amadziwa kumene munthu wosauka angathandizidwe pa zoterezi. Mukatero bambowo apite ndi mkuluyo kupolisi, akanene kuti ali ndi chinthu chimene akufuna kupereka, apolisiwo abwere adzachichotse okha. Sindikulonjezani kuti sipadzakhala mafunso kapena mlandu. Koma munthu wobwera yekha ndi mboni saonedwa chimodzimodzi ndi munthu wogwidwa atavulaza mwana wa neba.

Chala ndi khutu zipite kuchipatala mawa. Kafumbata sadikira kuti mantha athe.

Funso lawo lija, loti mukufuna abwerere pampando, musalipeputse. Mukachotsa mfuti osaikapo china m'manja mwawo, mudzawaona akufotanso. Yang'anani m'tauni mwanumo. Chimasukire malonda, zigayo zamera pangodya iliyonse, maminibasi otopa adzaza msewu wa ku Lusaka, alimi a m'mbali mwa mtsinje agula mapampu. Zonsezi zimafa tsiku ndi tsiku, ndipo eni ake amavutika kupeza fitala weniweni. Vayisi ndi matupa zilipo kale. Inu pamsika mumakumana ndi anthu ambirimbiri, ndiye yambani ndinu kulengeza kuti kwanu kuli wokonza makina wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchito yoyamba ikhale dramu la ba Dainess. Alikonze ndi manja awo, apepese ndi pakamwa pawo. Mayi ameneyo wakuchitirani zimene abale ambiri sangachite, ndipo kuleza mtima kwake musakuyese kawiri.

Chenjezo langa nali. Apatseni masiku owerengeka, osapitirira Lamlungu likudzali, ndipo muwauze maso ndi maso kuti tsikulo likadutsa mupita kupolisi inuyo limodzi ndi mkulu uja. Akathyola loko n'kuyambanso kulimbana ndi zitsulozo, tengani ana mupite kwa abale tsiku lomwelo, ndipo ba Dainess muwauze musanachoke. Mwamuna wokwiya mutha kumupepesa ngakhale chaka chamawa. Maliro a mwana sapepeseka.

Aphungu