Mwana Wanga Akumuti Mlendo

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa achemwali,

Moni wa masiku. Ine kuno ndilipo, koma kukhalapo kwake n'kongoti tadzuka. Mawondo akana, msana wakana, chatsala ndi pakamwa pokha.

Munamva kuti msonkhano wa amishonale a chigawo chonse uchitikira pampingo pathu pano mwezi wamawa. Anandiponya m'komiti ya malo ogona. Sindinapemphe ayi, anangoti agogo ndinu odziwa makomo a anthu. Ndiye kutacha ndili pamsewu, kupempha matiresi ndi mabulangete. Wina akuti matiresi ake ana anakodzera, wina akuti mwamuna wake safuna anthu opemphera mokuwa m'mamawa. Mikumano ya komitiyo ndiye musanene. Sabata yatha tinakhala mpaka dzuwa kupendeka tikukangana za makatani a m'holo, oyera kapena obiriwira. Ine ndinati, "Anthu inu, amishonalewo akubwera kudzadya makatani?" Mayi busa anandifufumira mpaka Lamlungu.

Koma sindinalembere makatani. Mwana wanu uja, mbusa amene ndinabereka ineyu, akubwera. Ndi mmodzi mwa olalikira. Mukudziwa kuti chipitireni kumene anamutuma kuja ndimangomumva pafoni, adzukulu ndimawaonera pazithunzi. Nditamva kuti akubwera ndinatulutsa katundu yense m'chipinda chake chija, ndinapakitsa laimu, ndinaitana kalipentala kudzakonza mwendo wa bedi. Ngakhale zenera losatsekeka lija pano likutsekeka.

Lachinayi mlembi wa komiti, amene timawati a Jekete chifukwa savula ngakhale kutenthe bwanji, anaimirira n'kunena kuti, "Alendo olemekezeka onse agona kunyumba ya alendo kuseri kwa holo. Agogo, m'chipinda chanu chija tiikamo madalaivala awiri."

Ndinati, "Chipindacho chili ndi mwini wake."

Iwo akuti, "Mwini wakeyo ndi mlendo wathu, agogo."

"Mlendo wa ndani? Mwana woti ndinamupukuta mamina ndi dzanja ili, lero ndi mlendo?"

Anthu anaseka. A Jekete anakanda m'mutu n'kuti, "Musatide ife. Anasankha okha abusawo. Akuti akufuna malo a phee okonzerako ulaliki, komanso okhala ndi madzi otentha."

Achemwali, tandiuzani. Kwanga kuli phokoso lanji? Chimwalirireni bambo ake ngakhale wailesi sinditsegula. Madzi otentha ndi nkhani? Mbaula ilipo, ndowa ilipo. Anakula akusamba chiyani?

Ndinamuimbira. Akuti, "Amayi, musadzivute, ndidzabwera kudzakuonani nthawi yopuma." Kudzandiona, ngati wodwala wa m'chipatala. Ndinangoti, "Chabwino, abusa." Sanamve n'komwe kuti ndamutchula abusa.

Musandimve molakwa. Mwanayu ndinamupereka kwa Mulungu ndi manja awiri, sindikulanda ayi. Ndikungobwerekako usiku umodzi, agone pansi pa malata amene anakuliramo, m'mawa ndimve akutsokomola kuseri kwa khoma. Zaka zikubwerazi sindikuziwerengera, thupi likundiuza lokha.

Ndiye ndikupemphani, muimbireni. Inu amakuopani chiyambire ali mwana. Koma musanene kuti ndadandaula, ndiponso musamukalipire monga mwa khalidwe lanu. Mungomufunsa kuti akagona kuti. A Jekete akufuna yankho Lamlungu likubwerali. Likapanda kubwera yankholo, madalaivala alowe, nawonso ndi ana a anthu, laimuyo asapite pachabe.

Dzulo ndinapita kwa mayi busa kukapepesa za makatani. Ndinali ndi changa. Ndinawapempha andisinthe, andiike m'gulu la amayi osesa ndi kuyala mabedi kunyumba ya alendoko. Anayang'ana mawondo angawa, akuti, "Agogo, kuli masitepe." Ndinati ndikwera chokwawa. Akakana kubwera kuno, bedi lake ndikayala ndine ndithu. Atsikana enawa sadziwa kuti mwana ameneyu safuna pilo, amadzuka khosi litauma.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asiye kudumpha mankhwala. Moni kwa ana onse ndi adzukulu amene mumadya nawo mbale imodziwo. Akamakusokoserani musamawathamangitse.

Dzanja latopa, ndilekere pompa.

Ndine mng'ono wanu,
Mayi wa mlendo wolemekezeka