Tsamba Limene Sindinawawerengere Amayi

Domasi, 14 Novembala 1996

Achimwene a Morton,

Kodi polemba kalata ija munaiwala kuti amayi sawerenga, kuti wowawerengera ndine?

Pepani, ndayamba osapereka moni. Muli bwanji ku Joniko pamodzi ndi alamu? Kuno tilipo, kupatula bondo la amayi. Latupa ngati dzungu. Kutchalitchi amachita kuwakweza pa njinga.

Kalata yanu ndinawerenga pakhonde, amayi akupeta mpunga. Pa tsamba loyamba munafotokoza bwino zedi za mawondo ochita kupanga amene dokotala anakuonetsani. Lina la titaniyamu, lopepuka. Lina la kobati, lolemera koma losaperepeseka msanga. Pakati amaikapo pulasitiki kuti zitsulo zisamakhulane. Munafunsa kuti labwino ndi liti.

Amayi anaika lichero pansi. Anati iwo asankha lolemeralo, poti munthu wolima m'matope zopepuka sizimukhalira. Anafunsa ngati silichita dzimbiri m'madzi. Anaseka, achimwene. Anati mwana wawo wawakumbukira.

Ine ndinali nditasuzumira kale tsamba lachiwiri. Bondolo ndi la apongozi anu. Kwa amayi mukungopempha kuti akawapempherere ku Mvano. Ndinapinda pepala n'kunena kuti kalata yathera pomwepo.

Ndinanama, ndikuvomera.

Ndiye taonani. Amayi auza azimayi onse a Mvano kuti akupita ku Joni. Munda wathu wa mpunga aubwereketsa kwa azakhali a Doris chaka chino, ati nthawi yowokera adzakhala ali m'chipatala. Azakhali ayamba kale kutipula. Akangowokera sitingaulandenso, ndiye ife tidzadya chiyani?

Apongozi anuwo mwawadziwa zaka zitatu zokha. Bondo la amayi linayamba kuvuta inu muli kusekondale ku Malosa, iwo akusenza matumba mpaka kumsewu. Simunafunsepo dokotala aliyense.

Sindikuti muwagulire bondo, ayi. Kale mukalankhula ndinkangoyang'ana pansi, koma lero cholembera chili m'manja mwanga. Lembani kalata ina, tsamba limodzi basi, muwauze nokha zoona. Ndidzawerenga mawu onse osadumpha. Ikapanda kufika mwezi uno, ndidzawauza ndekha, adziwe kuti mwana mmodzi anawaiwala, wina anawanamiza.

Mulungu akusungeni. Moni kwa alamu. Apongozi anunso achire, iwo sanalakwe.

Ndilekeze pano. Amayi akundiitana, akufuna ndiwagwirize mpaka kwa telala, akayezetse dilesi la paulendo.

Ndine mlongo wanu,
Maness