Foloko ya njinga yauma, ine ndanyoza mlamu wosalakwa

Aphungu,

Ndine bambo wapabanja, ndipo kalatayi ndikulemba nkhope ili pansi. Mwezi watha ndinagula njinga yokwerera mapiri, ija ili ndi foloko yolowa n'kutuluka kuti mabampu asamamveke. Anzanga amene timapalasa nawo Loweruka m'minda ya tiyi anali atanditopetsa, kuseka chikwakwalala changa chakale. Yatsopanoyi ndinkaipukuta kutacha, kutada, mpaka mkazi wanga Tumpale ankati ndamubweretsera mkazi mnzake.

Poyamba inkayenda bwino zedi. Kenako foloko inayamba kuuma. Ukaikanikiza imakana, ukalimbikira imalowa mwadzidzidzi, ndipo kubwerera kwake n'kwaulesi. Potsetsereka kupita ku Kiwira manja amachita dzanzi.

Tsoka ilo, masiku omwewo mlamu wanga Gwamaka, mlongo wake wa Tumpale, anali ataibwereka kukatengera mankhwala a mayi ake. Lamulungu lina abale a mbali zonse tili pamkeka kudya nthochi zophika ndi nyama, pakamwa panga panathamanga. Ndinati, "Alamu, inu munazolowera njinga za makala. Pa yangayi munakwezapo chiyani, nkhumba?" Anthu anafa nacho chiseko. Iye anati, "Alamu, ine ndinangopita n'kubwera." Ine osasiya: "Wowononga chinthu anayamba wavomerapo?" Gwamaka anasamba m'manja, nyama n'kuisiya m'mbale, ndipo chichokereni sanapondenso pakhomo pathu. Tumpale kuphika akuphika, koma mawu ake ndi "eya" ndi "ayi" basi.

Dzana m'mawa ndinapeza bambo anga, amene timakhala nawo, atagwada pakhonde pafupi ndi njinga ija. M'manja munali nthenga ya nkhuku ndi kabotolo ka oilo wakuda wokhetsa m'galimoto. Bambowa anatilera ndi njinga, kunyamula mikoko ya nthochi kupita kumsika, ndipo kwa iwo chitsulo chilichonse chimadya oilo. Ankapaka timiyendo tiwiri tonyezimira ta foloko tija mosamala ngati akudzoza khanda. Atandiona anamwetulira n'kunena kuti, "Mwananga, mvula ya kuno siseka ndi chitsulo. Ndakhala ndikukupakira chibwerereni njingayi. Inu ana amakono simudziwa kusamala zinthu." Ndinayang'ana pamphira pomwe timiyendoto timalowera, ndipo panali phala lakuda la oilo ndi mchenga. Mukudziwa chimene ndinachita, Aphungu? Ndinawathokoza.

Manyazi andigwira. Kodi folokoyi ingachire? Nanga Gwamaka? Ndikanena zoona ndiye kuti ndawaika bambo pambalambanda, munthu woti ankangondikonda. Ndikakhala chete, mlamu akhalabe ndi mbiri yowononga za eni, ndipo nyumba yanga ikuzizirabe.

L.M., Tukuyu

A L.M.,

Tiyambe ndi chosavuta, chifukwa foloko ilibe mtima wosunga mangawa. Timiyendo tonyezimirato sitifuna oilo wa galimoto. Oilo ameneyo amakoka fumbi, ndipo amatha kuwononga mphira zotchinga dothi. Tengani kansalu kofewa ndi madzi a sopo pang'ono, mupukute timiyendoto ndi m'mbali mwa mphirazo. Kanikizani foloko kangapo, litsiro likatuluka mupukutenso, mpaka kansalu kazibwera koyera. Osakanda ndi mpeni kapena waya, chifukwa timiyendo tikakalika basi mwagula foloko ina.

Muonenso kakiyi kotsekera foloko ngati njinga yanu ili nako, pena kamakhala katatsekedwa mwini osadziwa. Ngati foloko yake ndi ya mpweya, ipimitseni ndi pampu yakeyake, osati ya matayala. Ikaumabe, ndiye kuti mchenga walowa m'kati. Musaikwerenso. Pitani nayo kwa wokonza amene amadziwa mafoloko otere akaitsegule, aitsuke, aike mafuta ake ndi mphira zatsopano. Kumeneko mukanene zoona kuti inapakidwa chiyani, musakayambenso kuloza chala wogulitsa.

Tsopano nkhani yeniyeni. Mukubisala kumbuyo kwa bambo anu. Iwo analakwitsa foloko, koma Gwamaka sanamulakwire. Anamufunsa za nkhumba pagulu ndani? Ndinu. Ndiye kupepesa kwanu sikufuna dzina la bambo. Mawu ake ndi ochepa: "Alamu, ndinakunamizirani. Vuto linachokera pakhomo panga pomwe, inu simunawononge kanthu." Wina akafunsa kuti nanga anawononga ndani, muyankhe kuti mwini njinga ndi amene sanaphunzire kasamalidwe kake. Limenelo si bodza.

Bambo anu muwauze muli awiri, lero lomwe, asanatengenso nthenga ija. Munthu amene analera ana ndi njinga sangakomoke pomva kuti njinga zamakono zili ndi malamulo ake. Chimene chingawapweteke n'kudzamva kwa ena kuti munkawathokoza uku mukukukuta mano. Agulireni kabotolo ka oilo woyera, muwapatse tcheni kuti ikhale ntchito yawo. Manja amene akufuna kukuthandizani musawabweze opanda kanthu.

Tumpale ndiye muyambe naye, chifukwa amene munamuvula ulemu ndi mlongo wake. Muuzeni zonse, za bambo zomwe. Paja manyazi anapha lambe, ndipo anuwa akhoza kupha banja.

Chenjezo langa ndi ili: musakapepese pafoni kapena pomukokera Gwamaka kuseri kwa nyumba. Munamunyoza pamkeka anthu akuseka, ndiye yalani mkeka womwewo, muitane anthu omwewo. Akakana kubwera, mupite nokha kukamutenga, wapansi, njinga itsale. Ndipo tsiku limenelo musatambasule dzanja kumbale mpaka mlamu wanu atadya nyama imene anaisiya.

Aphungu