Chitini cha Kamba m'Khwapa mwa Agogo Ifan

Brynllechi,
Lolemba

Gethin,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi Carys ndi ana ku Canada kumeneko. Kuno mvula ndi yomwe ija, mawondo a Amayi ndi omwe aja. Za moni zathera pomwepa, tsopano khala pansi umve.

Bokosi la zithunzi lija unanyamula pa maliro a Bambo osapempha munthu, ine ndinangokusiya. Sindinadziwe kuti ukasankhamo chimodzi n'kutumiza kwa a bungwe la mbiri ya tauni yathu, amene akonza chionetsero m'holo ya tchalitchi pokumbukira sitalaka yaikulu ya kumgodi wa miyala. Achikulitsa ngati chitseko. Pansi pake alemba mawu ako, akuti uyu ndi Ifan Rowlands, agogo a Amayi, ngwazi ya sitalaka.

Maso uli nawo iwe? Amuna a pachithunzicho avala nsapato za kuntchito, aliyense chitini cha kamba m'khwapa. Munthu wonyanyala ntchito amanyamula kamba kupita kuti? Ndipo apolisi aja sakuwagwira ayi, akuwaperekeza. Amenewo ndi aja anabwerera kumgodi anzawo akugona ndi njala. Aliyense wa muno angazindikire atangoponyako diso, koma iwe unachoka kalekale, kwanu umangokudziwa pa kompyuta.

Ukukumbukira kachikwangwani ka pazenera lathu, kamene mabanja a onyanyala okha amaika: "M'nyumba muno mulibe wogulitsa anzake." Amayi akhala akukapukuta Loweruka lililonse. Ndi iwonso amene amanyamula maluwa chaka ndi chaka kupita nawo pamwala wachikumbutso.

Tsiku lotsegulira ndinapita nawo atavala jasi lawo la kutchalitchi. Dilwyn wa kubutchala ndiye anayamba. Ati a Rowlands analidi ngwazi, ngwazi yolawirira kuntchito. Anthu anaseka chamumtima, ena n'kumayang'ana nsapato zawo.

Koma amene anandilasa ndi a Olwen Parry, mnzawo wa Amayi wa m'kwaya kuyambira ali atsikana. Agogo awo a Olwen anaika ana awiri m'manda pa njala imeneyo. A Olwen sanakalipe. Anangofunsa Amayi motsitsa mawu ngati ankadziwa. Amayi anati inde, ankadziwa.

Titafika kunyumba anandiuza zonse, tiyi akuzizira patebulo. Agogo Ifan anabwerera kuntchito mkazi wawo atadwala chifuwa, m'nyumba mulibe ngakhale khala limodzi la malasha. Kachikwangwani kaja anakaika ndi amayi awo a Amayi banja litasamukira msewu uno, kuti ana asamagendedwe popita kusukulu. Chithunzicho Amayi anachibisa pansi penipeni pa bokosi. Kuchiwotcha sakanatha, poti nkhope ya agogo awo ilibenso kwina.

Zimene anthu atatu anasenza moyo wawo wonse, iwe wazitula pakhoma kuti akuyamikire. Ndakwiya nawe, Gethin, ndipo sindikubisa.

Dzulo m'tchalitchi a Olwen anakakhala benchi lina. Abungwe nawo abwera ndi ulemu wawo wonse, ati chaka chino maluwa anyamula wina kuti Amayi apumeko. Mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu akumupumitsa ngati hatchi yothyoka mwendo.

Usandiimbire foni, ndipo usavutike kulembera abungwe kuti achichotse. Madzi akatayika sawoleka, tauni yonse yachiona kale.

Chimene ndikufuna n'chimodzi. Chikumbutso chili kumapeto kwa mwezi wamawa, ndipo Amayi akuti apita ndithu, pambuyo pa onse, ndi maluwa a m'dimba mwawo. Chitunda chija pali mwala wachikumbutso sangakwere okha. Dzanja limodzi ndigwira ine, linalo ndi lako. Ubwere udzayende pakati pa anthu amene unawaonetsa chithunzi, nawenso akuone.

Mu envelopu muno upezamo kachikwangwani kaja. Amayi akachotsa okha m'mawa uno, pagalasi pangotsala chizindikiro pamene kanali. Ati popeza ndiwe wokonda zakale, ukasunge. Koma usakaike pazenera.

Upereke moni kwa Carys ndi ana, Mulungu awasunge, iwo alibe mlandu. Amayi akuti uzivala zofunda. Ine moni wanga udzaupeza pachitunda.

Ndine mlongo wako,
Nesta